NAMBALA ZOKANA KUGAWIDWA

Lero tiyambire pa msika wa ku Kanyama, mu Lusaka. Mai wogulitsa matimati ali nao 12, ndipo angathe kuwaika m'milu yolingana, iwiri, itatu, inai kapena isanu ndi umodzi. Tsono mumpatse 13. Angayese motani, ena adzatsalabe pambali. Nambala yotere, imene igawika ndi 1 ndi mwini wace yekha, tiicha yosagawika; pa Cingerezi ati prime. Zoyamba zace ndizo 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, ndipo Euclid anatsimikiza zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti zilibe malekezero.

Mwa izi muli banja lina lochedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648. Kapezedwe kace nkotere: tengani 2, muwirikize kangapo, ndipo pomariza mucotsepo 1. Pa 4 patsala 3, pa 8 patsala 7, pa 32 patsala 31. Koma cenjerani, pakuti njirayi imanyenga. Pa 2,048 patsala 2,047, imene ioneka ngati yolimba, cikhalireco ndi 23 kucurukitsa ndi 89. Cifukwa cace iliyonse iyenera kuyesedwa payokha.

Mu 1876 Édouard Lucas, wa ku France yemweyo, anatsimikiza ina ya zilembo 39 ndi manja okha, popanda makina. Munthuyo anali wopirira ndithu! Koma mu October 2024 Luke Durant wa ku America, pogwiritsa nchito makompyuta a m'maiko 17, anapeza yoposa zonse zodziwika kufikira pamenepo. Ndiyo ma 2 okwana 136,279,841 ocurukitsana, kucotsapo 1. Inali ya 52 kupezeka m'banja la Mersenne, ili ndi zilembo 41,024,320, ndipo cilembo cace cotsiriza ndi 1. Ine nditati ndikuwerengereni pa wailesi pano, cilembo cimodzi pa sekondi, usana ndi usiku osapuma, papita caka ndi miyezi itatu ndisanamarize. Musaope, sindiyesa.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ife tipindulanji?" Cimphona cimeneci, kunena zoona, sicisenza katundu wa munthu. Koma abale ace ang'ono, a zilembo mazana owerengeka, ndiwo amalonda ndalama ndi mauthenga oyenda pa intaneti. Mu 1977 akatswiri atatu, Rivest, Shamir ndi Adleman, anakonza loko wa masamu: acurukitsa nambala ziwiri zosagawika, naonetsa poyera yankho lokha. Kucurukitsa nkwapafupi, koma kubwerera m'mbuyo ndi kupeza ziwiri zija nkobvuta koopsa, ngakhale kwa kompyuta ya mbala. Yesani nokha madzulo ano ndi 3,127, muone thukuta lace.