Phunziro la Nyimbo Lisathere pa Bolodi

M'sukulu zambiri zapulayimale phunziro la nyimbo limathera pa bolodi. Mphunzitsi alemba maina a zoimbira, ana akopera m'makope, belu lilira, koma palibe wakhudzako ng'oma. Mwana wa mawu osasalala amauzidwa kuti akhale chete, ndipo amakula akukhulupirira kuti kuimba n'kwa ena.

Komatu mbiri ya oimba a m'Malawi itsutsa maganizo otere. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995, anali wosaona, koma banjo yake ndi gulu lake la Chimvu River Jazz zinkamveka pa wailesi m'dziko lonse. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaphunzira gitala ndi chitoliro pomvera ndi poyesa. Katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu mzinda wa Blantyre mu 1967, ndipo mu 1999 Donald anakaphunzitsa nyimbo pa yunivesite ya UCLA ku America.

Ukalamba nawo sutseka pakamwa. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anajambulanso nyimbo zake ndi Patience Namadingo mu 2020, ali ndi zaka 90, achinyamata nazikonda koposa. Ngakhale zipupa za ndende zinalephera: nyimbo za akaidi a ku Zomba, zojambulidwa mu 2013, zinapikisana nawo pa mphotho ya Grammy mu 2016.

Onsewa luso lawo linakula poimba, osati pokopera. Tsono mphunzitsi asayembekezere piyano. Banjo imapangidwa ndi chigubu cha mafuta ndi waya, visekese ndi udzu ndi timbewu touma. Gogo wodziwa bangwe kapena mayi wotsogolera chimtali aitanidwe m'kalasi, pakuti iwo ndiwo mabuku amene sukulu ilibe. Mwana wosaona atsogolere anzake ndi khutu lake. Wosamva aike dzanja pa ng'oma, amve kunjenjemera kwake, alowe m'bwalo.

Nawo otsiriza sukulu asaganize kuti phunziroli latha ndi mayeso. Kwaya, beni, mganda ndi malipenga ndi sukulu zopanda fizi, zimene zimalandira munthu pa msinkhu uliwonse. Akulu anati m'mera m'poyamba. Mwana wopatsidwa ng'oma lero ndiye adzayambitse nyimbo paukwati ndi pamaliro mawa. Woletsedwa adzangoima kunja kwa bwalo mpaka imvi.