Ulaliki suyambira pa gome

Anthu ambiri amaganiza kuti mlaliki akakwera pa gome n'kutsekula Baibulo, mawu amangotsika okha kuchokera kumwamba. Enafe alaliki timakondwa kuti anthu aziganiza choncho, poti zimatikweza. Mudzamva wina akuti, "Ndinakonza uthenga wina, koma polowa muno Mzimu wandisinthira." Nthawi zina n'zoona. Koma nthawi zambiri munthuyo sanakonze kalikonse, Loweruka lonse anali ku chinkhoswe. Ntchito yanga ndi kulalikira komanso kuphunzitsa akulu a mpingo ndi achinyamata kalalikidwe, ndiye lero ndikutengerani kuseri kuti muone mmene ulaliki umakonzedwera. Ndasankha dala ndime yovuta, Luka 9:57-62.

M'ndimeyi muli anthu atatu. Woyamba akudzipereka yekha kuti atsata Yesu kulikonse, ndipo Yesu akumuchenjeza kuti iye alibe ndi pogona pomwe. Wachiwiri akuitanidwa ndi Yesu mwini, koma akupempha kuti ayambe wakaika maliro a atate ake. Yesu akumukaniza. Wachitatu akungofuna kukatsanzika kwawo, nayenso akudzudzulidwa ndi fanizo la mlimi wogwira pulawo kwinaku akucheuka.

Tiyambe ndi funso loti ndani amasankha ndime. Ku mpingo wa Katolika wansembe sasankha yekha. Kuyambira mu 1969 mawerengo a Lamulungu anaikidwa m'ndondomeko ya zaka zitatu: chaka A ndi cha Mateyo, chaka B cha Marko, chaka C cha Luka. Ndime yathuyi imawerengedwa Lamulungu la 13 pachaka m'chaka C. M'mipingo ina yambiri mlaliki amadzisankhira. Ufuluwo ndi wokoma, koma ine ndimauopa, chifukwa munthu ukamadzisankhira umangozungulira pa mavesi ako okondedwa. Pali alaliki amene akalamba asanalalikirepo ndime iyi, pomwe Malaki 3:10 amamudziwa ngakhale atawadzutsa pakati pa usiku.

Ndime ikapezeka, ntchito yoyamba ndi kuwerenga, ndipo siyambira pa vesi limene walembera. Manambala a mitu ndi mavesi amene timawadalirawa sanalembedwe ndi Luka. Mitu inagawidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo ntchitoyo amati anaigwira Stephen Langton, amene anadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury. Mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Manambalawa amatithandiza kupeza malo msanga, koma atiphunzitsanso kuzula vesi limodzi n'kuthawa nalo. Afilipi 4:13 timamuona kumbuyo kwa minibasi ndi pa makope a ana a mayeso ngati lonjezo loti chilichonse chitheka. Chikhalirecho Paulo analemba ali m'ndende, ndipo mavesi awiri am'mbuyo mwake akunena za kuphunzira kukhala wokhutira, kaya wadya kaya wagona ndi njala.

Choncho ndimabwerera m'mbuyo mpaka Luka 9:51. Pamenepo Yesu watsimikiza mtima kupita ku Yerusalemu, kumene akudziwa kuti akaphedwa, ndipo ulendowo Luka akuufotokoza mpaka mutu 19. Atangonyamuka, mudzi wina wa Asamariya ukukana kumulandira, mpaka Yakobo ndi Yohane akufuna kuuitanira moto. Ndiye pamene Yesu akuuza munthu woyamba uja kuti alibe pogona, sakuyankhula mophiphiritsa ayi. Angomukaniza kumene malo ogona. Amene wayambira kuwerenga pa vesi 57 zimenezi sangazione.

Ndimayalanso ma Baibulo angapo patebulo: Buku Lopatulika la mu 1922, limene kumasulira kwake anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, Malembo Oyera a Akatolika a mu 1966, ndi Buku Loyera la mu 1998. Agogo a kutsogolo kuja mawu a Buku Lopatulika ali m'magazi mwawo, pomwe achinyamata a kumbuyo amamva msanga Buku Loyera. Mlaliki ayenera kudziwa kuti awerenga liti, komanso chifukwa chake.

Tsopano tifike pa munthu wachiwiri uja, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Kuno kwathu maliro n'kulirana. Munthu wojomba pa maliro a mnzake mudzi umamusungira, tsiku lake likadzafika adzukulu adzakhala pansi makasu ali m'manja. Nanga wokana kuika atate ake omubereka? Ameneyo ndiye anthu angayambe kunong'onezana kuti akudziwapo kanthu pa imfayo. Kwa Ayuda a nthawi ya Yesu zinalinso choncho, mwina kuposa. Kuika makolo unali udindo waukulu zedi wa mwana. Ndiye mlaliki woona mtima akafika pa vesi 60 mtima umamugunda, ndipo amayamba kufunafuna khomo lothawira.

Makomo othawira alipo, ndipo anawatsekula ndi anthu ophunzira. Kenneth Bailey, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Middle East, ankati atate a munthuyo anali adakali moyo, ndipo mwanayo amatanthauza kuti adikire kaye mpaka makolo adzamwalire. Mfundo yake ili ndi maziko, poti Ayuda ankaika maliro tsiku lomwelo, ndipo mwana woferedwa m'mawa sakanapezeka pamsewu akucheza ndi mphunzitsi wodutsa. Mu 1990 Byron McCane analemba za mwambo wina wa masiku amenewo: thupi likagona m'phanga pafupifupi chaka, mwana ankabwera kudzatola mafupa n'kuwaika m'kabokosi ka mwala. Mwina munthuyo amapempha nthawi ya mwambo wachiwiriwu, monga ife timadikirira chaka kuti timange chiliza. Koma Martin Hengel, m'buku lake la mu 1968, anawatenga mawu a Yesuwo mmene alili, kuti Yesu anaika kuitana kwake pamwamba pa udindo wopatulika kuposa onse umene anthu ake ankaudziwa.

Ndikamaphunzitsa, ndimaona nkhope za ophunzira zikuwala akamva za Bailey. Amapuma mpweya wa phee, ngati kuti Yesu wapulumuka pa mlandu. Ndimawauza kuti asafulumire. Choyamba, Luka sakutiuza ngati atatewo anali moyo kapena ayi, ndiye mlaliki woimirira n'kunena motsimikiza kuti anali moyo akuonjezera zake. Chachiwiri, ngakhale Bailey atakhala kuti analondola, kuuza mwana kuti asiye makolo okalamba si nkhani yofewa. Ndiponso Luka akuoneka kuti akufuna timve kuwawako. Pa 1 Mafumu 19:19-21 Eliya anapeza Elisa akulima ndi ng'ombe, namuitana. Elisa anapempha kukatsanzika makolo, ndipo anapita, anapha ng'ombe zake, anadyetsa anthu, kenako n'kutsata Eliya. Chimene Eliya analola, Yesu akukaniza, ndipo akutchula ndi pulawo yemwe kuti womva akumbukire Elisa. N'chifukwa chake ndondomeko ya Akatolika ija imaika ndime ziwirizi Lamulungu limodzi. Ine maganizo anga ali kwa Hengel. Ndime yowawa isiyeni iwawe.

Komabe pali dzenje lina mbali inayo, ndipo ndi loopsa kuposa loyambalo. Alipo atsogoleri amene amatenga vesi lomweli kuti alekanitse achinyamata ndi makolo awo. Amati usapitenso kumudzi, agogo ako ndi amene akukutsekera mwayi, ndalama yako uzibweretsa kuno. Tikudziwa tonse zimene okalamba a m'dziko muno akukumana nazo chifukwa chonamiziridwa ufiti. Pofuna kupewa dzenje limeneli, mlaliki amafunsa kuti Yesu yemweyu ananena chiyani kwina. Pa Marko 7:9-13 akudzudzula kwambiri anthu amene ankamana makolo thandizo ponamizira kuti chuma chawo achipereka kwa Mulungu. Pa Luka 7 akuimitsa maliro ku Naini chifukwa chomvera chisoni mayi wamasiye. Pa Yohane 11 akulira pa manda a Lazaro, ndipo ali pa mtanda akuikiza mayi ake m'manja mwa wophunzira wake. Munthu wotere sangakhale akukhazikitsa lamulo loti Akhristu aleke kupita ku maliro. Ulaliki ulionse wotuluka pa Luka 9:60 umene ukutsutsana ndi Marko 7 walakwika penapake.

Nanga tsono uthenga wake ndi uti? Apa m'pamene pamatha nthawi yambiri, ndipo mabuku sathandizanso kwenikweni. Ndimayesetsa kuti uthenga wonse ukwane m'chiganizo chimodzi chimene mwana wa Sande sukulu angabwereze. Ukakanika kutero ndiye kuti sunapse. Pa ndime iyi chimene ndimaona n'chakuti awiri omalizawo sanakane kutsata Yesu. Anavomera, koma anati ayambe athana ndi china, ndipo chinacho chinali chabwino. Ulaliki wosavuta ungangoti zengerezu adalinda kwawukwawu, n'kuwasandutsa alesi. Sanali alesi. Anali ana abwino, ndipo kuvuta kwa ndimeyi kuli pomwepo.

Ndikafika apa ndimatseka mabuku n'kuyamba kuganiza za anthu amene adzakhale pa mabenchi. Pali kalaliki wa mu ofesi amene akudziwa kuti kangachepe kamene amalandira pansi pa fayilo n'kolakwika, ndipo walonjeza mumtima kuti adzasiya mwana womaliza akamaliza sukulu. Pali wogula soya amene sikelo yake imadya makilogalamu awiri pa thumba lililonse, ndipo akuti adzaikonza ngongole ya ku banki mkhonde ikatha. Pali mayi amene sayankhulana ndi mlamu wake, ndipo akuti adzakhululuka mlandu wa munda ukadzagamulidwa kwa amfumu. Palibe mwa iwo amene akudziona ngati wokana Yesu. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho nthawi zambiri ndi banja. Mlaliki akangotchula mowa ndi chigololo, anthu atatuwa amavomera "Ameni" mokweza n'kutuluka osakhudzidwa. Pa mndandandawo mlaliki adziikepo nayenso, chifukwa ifenso tili ndi zoona zimene tikuti tidzazinena mkulu wa mpingo wolemera uja akadzamaliza kutithandiza malata a tchalitchi.

Kudziwa anthu ako kumasinthanso kanenedwe. Tiyerekeze kuti Lachisanu m'mudzi munagwa maliro. Lamulungu m'mawa amayi a chigwirizano akulowa atagona pa siwa masiku awiri, maso ali psuu, mawu atasasa ndi nyimbo, ndipo namfedwa wakhala pakati pawo atafunda chitenje kumutu. Ndime ndi yomweyo, uthenga ndi womwewo, koma sungayambe ndi kukalipa. Umayamba ndi kuvomereza poyera kuti mawu a lerowa ndi olemera, kuti zimene amayiwa achita usiku wonse Yesu sakuzinyoza, ndiye pang'onopang'ono n'kufika pa funso lenileni. Mlendo woitanidwa kudzalalikira ku chitsitsimutso sadziwa kuti namfedwa ndi uti. Ichi n'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti mkulu wa mpingo wosaphunzira kwambiri, amene amayendera nkhosa zake, kawirikawiri amalalikira bwino kuposa mlendo wa madigiri.

Za kufuula ndi kutalikitsa sindinenapo zambiri. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya mabishopu yonena za malipiro ochepa, sukulu, zipatala ndi ufulu woyankhula. Inangowerengedwa basi, popanda kudumpha kapena kumenya gome, koma boma linagwedezeka. Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa referendamu. Kunena za kutalika, Papa Francis anauza ansembe mu 2024 kuti ulaliki usapitirire mphindi zisanu ndi zitatu. Kwa ife ozolowera ola lathunthu zimenezo ndi malonje chabe, koma tisaiwale mnyamata Utiko wa pa Machitidwe 20, amene anagwa kuchokera pa zenera la nyumba yosanja atasinza Paulo akutalikitsa. Paulo anamudzutsa. Ife mphatso imeneyo sitinaionetsebe.

Ndakuonetsani zonsezi kuti mudziwe kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi inunso mungaigwire. Simufunika Chigiriki kuti muwerenge mavesi khumi am'mbuyo ndi khumi akutsogolo kwa vesi limene mlaliki watchula. Anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17:11, ankafufuza m'malembo tsiku ndi tsiku ngati zimene Paulo amanena zinali zoona, ndipo Luka akuwayamikira m'malo mowadzudzula. Wina akakuopsezani ndi Salimo 105:15 kuti wodzozedwa safunsidwa, tsekulani salimolo muwerenge lonse. Mupeza kuti likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali alendo ochepa oyendayenda m'maiko a eni, osati za munthu wogwira maikolofoni. Ndiye pa mlaga kapena pa mphakati wa sabata ino, funsani mwaulemu kuti, "Abusa, mfundo ija munaitenga pa vesi liti?" Amene anakonzekera adzakutsekulirani Baibulo pomwepo n'kukulozerani.