Okutobala akatentha, a ku Kawale timathawira kuti?

Kwathu ku Kawale, Okutobala akafika malata amachita kuthetheka, masana m'nyumba simukhalika. Lilongwe ndi likulu lopanda nyanja, ndiye amene ali ndi kangachepe amalowera ku Salima.

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, mpamene mumaona zenizeni. Amayi a banki m'khonde, makwaya ndi achinyamata a ku Biwi ndi Area 23 amasonkherana n'kuchita hayala minibasi. Mbandakucha ali kale pa msewu wa M14 kulunjika ku Senga Bay, ulendo wa maola ngati awiri. M'galimoto muli mapoto a mpunga ndi nkhuku, thobwa m'zigubu. Chaka china ineyo ndinafungatira poto wa azakhali njira yonse, msuzi ukundidonthera pa thalauzi.

Chondidandaulitsa n'chakuti ambirife timalowa m'madzi tisakudziwa kusambira, ena atalawako kale, ana osawayang'anira.

Ngati ya hayala palibe, phiri la Bunda lili pafupi. Nyamukani dzuwa lisanakwere, ndipo musaiwale botolo la madzi.