Kuwerama msana kwa agogo si ukalamba wokha

Mayi wa zaka 70 akaterereka kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, achibale amangoti ndi ukalamba. Ife a ntchito ya mafupa timafunsa zina: munthu wagwa ali chiimire, sanagwe mumtengo, fupa lalikulu chonchi lathyoka bwanji? Kawirikawiri chimene chimakhalapo ndi osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa m'kati, mwiniwake osamva ululu mpaka tsiku lothyoka.

Ambiri amayesa kuti fupa likakhwima zatha. Ayi, fupa ndi lamoyo. M'kati mwake muli maselo otchedwa osteoclast amene amakumba fupa lakale, ndipo ena otchedwa osteoblast amabwera pambuyo kudzakwirira ndi latsopano. Chaka chilichonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa a munthu wamkulu limasinthidwa motere. Paubwana okwirira amaposa okumba, ndipo pofika zaka 30 mafupa amakhala afika pachimake. Kuchokera pamenepo okumba amayamba kutsogola pang'onopang'ono.

Kwa amayi, chimene chimagwira dzanja okumbawa ndi mahomoni a estrogen. Dokotala Fuller Albright wa ku Boston ndiye anaona cha m'ma 1940 kuti ambiri odwala matendawa ndi amayi amene anasiya kusamba. Estrogen ikachepa pa nthawi imeneyi, timizati ta m'kati mwa fupa timapyapyala, tina n'kuduka, ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe yooneka yamphumphu kunja. Mafupa a msana amaphwanyika limodzilimodzi, msinkhu n'kufupika. Mayi amangodabwa kuti diresi lake lakale layamba kukwekwereza pansi. Abambo nawonso sapulumuka: bungwe la International Osteoporosis Foundation limati mwa anthu opitirira zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa.

Odwala anga ndimawafunsanso za mankhwala. Prednisolone womwedwa miyezi yambiri amafooketsa mafupa. Tenofovir wa mu ma ARV amachepetsako mphamvu ya mafupa, makamaka zaka zoyambirira. Jakisoni wolera wa Depo amateronso, ngakhale mafupa amabwerera kwambiri munthu akasiya. Musasiye mankhwala panokha chifukwa cha zimenezi. Kambiranani ndi adokotala.

Nanga kafukufuku wafika pati? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 asayansi anapeza puloteni yotchedwa RANKL, imene imadzutsa maselo okumba. Ataidziwa, anapanga denosumab, jakisoni woitsekereza amene amabayidwa kamodzi pa miyezi 6, ndipo anavomerezedwa mu 2010. Nkhani imene imandikondweretsa kwambiri inachokera ku South Africa. Pakati pa Maafrikaner pali mabanja a matenda osowa otchedwa sclerosteosis, amene mafupa awo amakula mopitirira muyezo ndipo sathyoka wamba. Mu 2001 kunadziwika kuti matupi awo sapanga sclerostin, puloteni imene imaletsa maselo okwirira. Ofufuza anati: bwanji titaitsekereza dala mwa anthu ofooka mafupa? Kunabadwa romosozumab, amene anavomerezedwa mu 2019 ndipo amamangadi fupa latsopano.

Majakisoni amenewa ndi okwera mtengo, komanso makina a DXA oyezera mafupa ndi osowa kwathu kuno. Alendronate, piritsi lomwa kamodzi pa sabata, ndi wotsikirapo mtengo. Aliyense wopitirira zaka 50 amene wathyoka dzanja atangogwa pang'ono asakhutire ndi pulasitala; afunse ngati mafupa ake ali bwino, chifukwa kuthyoka koyamba kumaitana kwachiwiri.

Koma ntchito yaikulu ili kwa ana. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi kashiamu wambiri, chimodzimodzi mkaka ndi bonongwe. Dzuwa limathandiza khungu kupanga vitamini D. Kuthamanga ndi kudumpha kumauza fupa kuti likhuthale, pamene fodya ndi mowa wambiri zimalifooketsa. Mtsikana wa zaka 13 amene akusewera netibo lero akusonkhanitsa fupa limene adzayendere ali ndi zaka 70, ndiye musamuchotse pabwalo.