MWANA WA KU YAOUNDE AMENE ANAKWEZA MBENDERA YA FRANCE

Munthu akamayenda m'mawa wa pa Ciweru m'misewu ya ku Kabulonga kapena ku Woodlands, nthawi zina amamva kampira kakugunda uku ndi uku kuseri kwa mpanda. Amenewo ndiwo masewera a tenisi. Koma akafika ku Kabwata kapena ku Chelstone, amapeza ana ali kalikiliki ndi cimpombwa m'fumbi, ndipo ambiri a iwo sanagwirepo raketi cibadwire. N'cifukwa cake anthu ambiri mu Lusaka amati tenisi ndi masewera a kumayadi. Lero tifuna kuti awerengi athu amve mbiri ya Yannick Noah, katswiri wa tenisi wa ku France amene anakulira mu Afirika muno, pakuti m'mbiri yake muli nkhani yokhudza ana athu omwe.

Yannick Noah anabadwa pa 18 Meyi 1960 mu tauni ya Sedan ku France. Atate ake, Bambo Zacharie Noah, anali a ku Cameroon, ndipo anali katswiri wa mpira wa miyendo m'timu ya Sedan imene inatenga cikho ca dziko la France m'caka ca 1961. Amai ake, Mai Marie-Claire, anali mphunzitsi wa Cifalansa. Bambo Zacharie atavulala kwambiri pa bwalo analeka mpira, ndipo m'caka ca 1963 anatenga banja lao kubwerera kwao ku Yaounde. Kumeneko ndi kumene Yannick anaphunzira kumenya kampira. Banja lao silinali losauka ai, koma mabwalo a tenisi m'dziko lonse la Cameroon anali owerengeka, ndipo panalibe njira yoti mwana waluso n'kufika nayo patali.

Pa masiku amenewo kunali katswiri wakuda wa ku America, Arthur Ashe, amene anapambana mpikisano wa US Open mu 1968 ndi wa Australian Open mu 1970. Boma la tsankho la ku South Africa linamkaniza kulowa m'dzikomo kukasewera, koma maiko a ufulu anamlandira ndi manja awiri. M'caka ca 1970, iye ndi mnzake Stan Smith anayendera Kenya, Tanzania, Zambia, Uganda, Nigeria ndi Ghana, akusewera pamaso pa anthu ndi kuphunzitsa acinyamata. Inde, Ashe anaponda nthaka ya dziko lathu lino. Caka cotsatira, mu 1971, anapanga ulendo wina wopita ku maiko olankhula Cifalansa, ndipo atafika ku Yaounde anampatsa mwana wa zaka 11 kuti amenyerane naye mpira.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ashe anaona mwa mwanayo cimene ena anali kuciona tsiku ndi tsiku osacizindikira. Anampatsa raketi, ndiponso anauza Philippe Chatrier, mmodzi wa akuluakulu a bungwe la tenisi ku France, kuti ku Cameroon kuli mwana wosayenera kumtaya. Posapita nthawi Yannick anakwera ndeke yekha kupita ku mzinda wa Nice, kumene bungwelo linali kuphunzitsira acinyamata. Anasiya atate, amai ndi alongo ake pa msinkhu umene mwana wa kuno amakhala akali ku pulaimale. Mwini wake wakhala akunena poyera kuti zaka zoyambazo zinali za kusungulumwa kwakukulu.

Mu 1977 anayamba kusewera tenisi monga nchito yompatsa ndalama. Mu 1978 anatenga cikho cake coyamba ku Manila, ndipo caka comweco anaima mbali imodzi ndi Ashe m'masewera a awiri-awiri ku Wimbledon. Anali wamtali, waliwiro, wokonda kuthamangira ku ukonde ndi kulumpha m'mwamba kuti aphwanye mpira mdani asanakonzeke. Anthu anali kudzaza mabwalo kudzaona kasewero kameneka.

Tsiku lake lalikulu linafika pa 5 Juni 1983, pa bwalo la Roland Garros mu mzinda wa Paris. Pa ulendo wake wopita ku ndime yotsiriza anagonjetsa Ivan Lendl, amene anali mmodzi wa oopsa pa dziko lonse. Potsiriza anakumana ndi Mats Wilander wa ku Sweden, mnyamata wa zaka 18 amene ndiye anatenga cikhoco caka capitaco. Wilander anali wodziwika ndi kuleza mtima, wobweza mpira uliwonse kufikira mnzake atatopa. Noah anakana kusewera masewera a mwiniwake. Anali kuthamangira kutsogolo nthawi ndi nthawi, namgonjetsa 6-2, 7-5, 7-6. Mpira wotsiriza utagwa, Bambo Zacharie analumpha kucokera pamene anakhala, nathamangira m'bwalo kukakumbatira mwana wao, onse awiri misozi ili mbwe. Panali patapita zaka 37 cipambanire Mfalansa wina, Marcel Bernard, mu 1946, ndipo kufikira caka ca 2025 panalibe mwamuna wina wa ku France amene anabwerezapo zimenezi.

Koma kuchuka kuli ndi minga yake. Caka comweco cisanathe, Noah anauza atolankhani kuti mtima wake unalibe mtendere, ndipo anasamukira ku New York kuthawa khamu limene linali kumlonda kulikonse. Sanatengenso cikho cina ca mipikisano inai ikuluikulu ya dziko lapansi posewera yekha. Komabe mu 1984 iye ndi Henri Leconte anapambana masewera a awiri-awiri ku Roland Garros, ndipo mu 1986 anafika pa nambala 3 pa mndandanda wa akatswiri a dziko lonse. Pomaliza nchito yake anali atatenga zikho 23 posewera yekha ndi 16 posewera ndi mnzake.

Ena amati nchito yake yaikulu koposa anaigwira atakhala pa mpando wa mtsogoleri wa timu. Mu 1991 anatsogolera timu ya France m'mpikisano wa maiko wa Davis Cup, umene dzikolo linali lisanautengepo kucokera mu 1932. Pa ndime yotsiriza ku Lyon anakumana ndi America, imene inabwera ndi Pete Sampras ndi Andre Agassi. Noah anasankha Leconte, amene anali atangocira msana umene madokotala anaucita opareshoni, pamene ambiri anali atamtaya kale. Leconte anagonjetsa Sampras, Guy Forget nayenso anamgonjetsa, ndipo France inapambana 3-1. Osewerawo anazungulira bwalo akuvina nyimbo ya Noah yochedwa Saga Africa, pakuti caka comweco iye anali atayamba nchito yoimba. Anatenganso Davis Cup mu 1996 pogonjetsa Sweden ndi mu 2017 pogonjetsa Belgium, ndipo mu 1997 anatsogolera timu ya akazi ya France kutenga cikho ca Fed Cup kwa nthawi yoyamba.

Tsono tiyeni tibwerere kwathu. Mbiri imeneyi ikoma kuimva, koma ili ndi mbali yowawa. Mwana amene anakulira ku Yaounde anapambanira mbendera ya France, cifukwa kumeneko ndiko kunali mabwalo, aphunzitsi ndi ndalama zoyendera. Ndiponso zonsezi zinatsamira pa mwai wa tsiku limodzi. Ashe akadapanda kufika ku Yaounde, kapena mwanayo akadadwala malungo tsiku limenelo, bwenzi lero sitikumchula. Ashe yemweyo anadutsa m'Zambia caka cimodzi m'mbuyo mwake. Kodi ndi ana angati a m'makomboni athu amene anali ndi dzanja ndi diso lofanana ndi la Yannick, koma sanaime pamaso pake cifukwa sanadziwe ndi komwe kuti kuli masewera otere?

Noah mwini anaizindikira mfundo imeneyi. Mu 1996 anayambitsa bungwe lochedwa Fête le Mur, limene nchito yake ndi kupititsa tenisi kwa ana a m'madera osauka a m'mizinda ya France, m'malo moyembekeza kuti anawo apite okha ku makalabu a olemera. M'dzina la bungwelo muli liwu lotanthauza cipupa, ndipo ndi poyenera, pakuti cipupa ndiye mphunzitsi woyamba wa wosewera tenisi: sicitopa, sicilipiritsa, ndipo cimabweza mpira uliwonse. Atate ake atamwalira mu 2017, Noah anayamba kukhala nthawi yaitali ku Etoudi, mudzi wa makolo ake mu Yaounde, kumene anasenza udindo wa ufumu umene atate ake anasiya.

Mu Lusaka mabwalo alipo. Ena ali ku Lusaka Club, ena ku Olympic Youth Development Centre, malo amene anatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa mseu wa Great North. Koma mwana wa ku Chelstone kuti akafike kumeneko ayenera kukwera basi kulowa m'tauni ndi kukweranso ina, ndipo ndi makolo ocepa amene angapeze ndalama yotere mlungu ndi mlungu. Cikhalireco bwalo la tenisi si lalikulu: m'litali ndi mamita osakwana 24, m'lifupi pafupifupi mamita 11, ndipo ukonde pakati pake ndi wotalika masentimita 91 cabe. Sukulu zambiri za ku Kabwata ndi ku Chelstone zili ndi malo oposa pamenepa. Ngakhale cipupa ca simenti cokhala ndi mzere wa penti pa msinkhu wa ukonde cikhoza kuyambitsa ana makumi angapo, maraketi akale amene agona m'nyumba za kumayadi atatulutsidwa.

Nchito imeneyi ifuna aphunzitsi a sukulu, a khonsolo ya mzinda, a bungwe la tenisi la dziko lino ndi mamembala a makalabu kuti akhale pansi pamodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Ashe, amene anamwalira mu 1993, sanali mbale wa banja la Noah, koma anaima, nayang'ana mwana wa eni, naturutsa raketi. Ife tisayembekeze mlendo wina wocokera kutsidya la nyanja kuti adzationetse ana athu.