Kodi Mumadziwa? Mapangano Atatu a Malonda pa Malire a Mchinji

Malawi ndi Zambia, maiko amene amakumana pa malire a Mchinji ndi Mwami, onse ali m'mapangano atatu a malonda: COMESA, SADC ndi AfCFTA ya Africa yonse.

• COMESA idakhazikitsidwa ku Lilongwe mu Disembala 1994. Likulu lake lili ku Lusaka, ndipo mlembi wamkulu woyamba anali Bingu wa Mutharika.

• Mu Okutobala 2000, Malawi ndi Zambia anali mwa maiko 9 oyamba kuchotserana msonkho wa kasitomu pa katundu wopangidwa m'maikowo.

• Mozambique ndi Tanzania adatuluka mu COMESA, motero malonda a Malawi ndi anansiwa amatsamira kwambiri pa SADC.

• Mayi wa geni wokweza matumba ake pa kabaza naye amapindula ndi mapanganowa. Ngati katundu wake sakupitirira mtengo womwe udaikidwa ndipo ali pamndandanda womwe Malawi ndi Zambia adagwirizana, amangolemba fomu yosavuta, msonkho wa kasitomu osalipira.

• Mu Disembala 2022, atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegula maofesi atsopano pamalirewa. Dalaivala wa thiraki tsopano amaima kamodzi kokha, mapepala ake nkuonedwa ndi maofisala a maiko onse awiri pamalo amodzi.