Pamene makina okweza mawu aleka kuthandiza: mfundo zokhudza cochlear implant

Anthu ambiri omwe akhala akuvala makina othandizira kumva, amene achipatala amawatcha hearing aid, amafika pa nthawi yoti makinawo sakuperekanso thandizo lokwanira. Mawu amamveka ndithu, mwinanso mokweza mpaka kusowetsa mtendere, koma tanthauzo lake silimveka. Munthu amadziwa kuti wapampando akuyankhula pa msonkhano koma sangathe kufotokoza chomwe anthu agwirizana, ndipo lamya ikalira amapempha mnzake kuti amuyankhire. Zikafika apa ndi pomwe madotolo a makutu amayamba kukamba za chipangizo china chotchedwa cochlear implant, chomwe mbali yake ina amaiika m'kati mwa khutu kudzera mu opaleshoni.

Malinga ndi lipoti lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2021, anthu 430 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kupitirira 700 miliyoni pofika m'chaka cha 2050. Ambiri mwa iwo hearing aid imawakwanira. Cochlear implant ndi ya gulu lochepa lomwe makutu awo adaonongeka kwambiri. M'dziko muno opaleshoni yoyamba ya mtunduwu idachitika m'chaka cha 2014 pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, pomwe katswiri wa matenda a makutu, mphuno ndi kukhosi, Dr Wakisa Mulwafu, adagwira ntchitoyi mothandizana ndi akatswiri ochokera ku Britain. Lipoti lomwe madotolowa adasindikiza mu 2017 lidati anthu anayi oyambirira onse adagontha atadziwa kale kuyankhula, ndipo atatu mwa iwo adagontha kaamba ka matenda opatsirana.

Kuti timvetse kusiyana kwa zipangizo ziwirizi, tiyenera kuyamba taona momwe khutu limagwirira ntchito. Mawu akalowa m'khutu amagwedeza nembanemba ya m'kati, ndipo kugwedezekako kumadutsa pa timafupa titatu kukafika ku kachiwalo kopindikapindika ngati chigoba cha nkhono, komwe dzina lake ndi cochlea. M'kachiwaloka muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa kugwedezeka kuja kukhala uthenga womwe mtsempha wa kumva umanyamula kupita ku ubongo. Timaseloti tikafa, kaya chifukwa cha ukalamba, phokoso la makina, matenda oumitsa khosi, matsagwidi kapena mankhwala ena amphamvu monga gentamicin ndi streptomycin, sitimeranso.

Hearing aid imangokweza mawu kuti timaselo totsala tiwamve. Ngati totsalato tili tochepa zedi, kukweza mawu kuli ngati kuonjezera madzi mu mpope woduka: madzi amachuluka koma safika kunyumba. Cochlear implant imalambalala timaselo takufato n'kukatakasa mtsempha wa kumva mwachindunji pogwiritsa ntchito timphamvu tochepa kwambiri ta magetsi. Mbali yake yakunja, yomwe imakhala kuseri kwa khutu kapena pamutu, ili ndi maikolofoni ndi kakompyuta kosanthula mawu. Mbali yam'kati amaiika pansi pa khungu, ndipo kuchokera pamenepo kawaya kopyapyala kamalowa mu cochlea. Mbali ziwirizi zimagwirana ndi maginito, ndipo uthenga umadutsa pakhungu popanda bala lotseguka.

Lusoli si lachilendo. Andre Djourno ndi Charles Eyries adayesa kutakasa mtsempha wa kumva ndi magetsi ku Paris mu 1957, ndipo William House adapitiriza ntchitoyi ku Los Angeles kuyambira mu 1961. Zipangizo za njira zingapo, zomwe ndi makolo a zalero, zidayamba ndi Ingeborg ndi Erwin Hochmair ku Vienna mu 1977 komanso Graeme Clark ku Melbourne mu 1978. Pofika mu December 2019, zipangizo pafupifupi 736,900 zidali zitaikidwa mwa anthu padziko lonse, malinga ndi nthambi ya boma la United States yoona za kafukufuku wa vuto la kumva.

Kodi woyenera opaleshoniyi ndi ndani? Maiko ali ndi miyezo yosiyana. Ku England, bungwe la NICE lidakhazikitsa mu 2019 kuti munthu aziganiziridwa ngati makutu ake onse awiri samva mawu ochepera madesibelo 80 pa magawo awiri kapena kuposerapo a mayeso a kumva, ngati wayesa hearing aid kwa miyezi yosachepera itatu, komanso, kwa wamkulu, ngati sapitirira theka la mayeso obwereza mawu atavala makina akewo. Pofuna kuyerekeza, kucheza wamba kwa anthu awiri kumakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Madotolo amajambulanso m'kati mwa khutu kuti atsimikize kuti cochlea ndi yotseguka ndipo mtsempha wa kumva ulipo, chifukwa popanda mtsemphawo chipangizochi chilibe ntchito.

Nthawi ndi yofunika kwambiri pa nkhaniyi. Munthu yemwe adadziwa kuyankhula kenako n'kugontha amapindula kwambiri ngati sadakhale zaka zambiri osamva kalikonse, ndipo apa ndi pomwe wovala hearing aid mokhulupirika amakhala ndi mwayi, popeza makinawo amakhala akupatsa mtsempha ndi ubongo chochita. Kwa yemwe wagontha ndi matenda oumitsa khosi, changu n'chofunika koposa, chifukwa m'kati mwa cochlea mutha kumera fupa m'miyezi yochepa ndi kutseka njira ya kawaya kaja. Mwana wobadwa wosamva amapindula kwambiri akachitidwa opaleshoni m'zaka zake zoyambirira. Ku United States malamulo adayamba kulola makanda a miyezi 9 mu 2020. Wamkulu yemwe sadamvepo chibadwire atha kumva phokoso la galimoto kapena kugogoda kwa chitseko, koma kawirikawiri sathanso kuphunzira kumva zoyankhula bwinobwino.

Chomwe chimavutitsa maganizo ambiri mwa ovala hearing aid ndi chakuti opaleshoniyi itha kuchotsa kumva pang'ono komwe kudatsala m'khutulo. Njira zamakono zimateteza kumvako mwa anthu ena, koma palibe dotolo woona mtima yemwe angalonjeze. Choncho munthu amakhala akusiya chinthu chochepa chomwe akuchidziwa pofuna chachikulu chomwe sadachione, ndipo sangabwererenso. N'chifukwa chake nthawi zambiri madotolo amasankha khutu lomwe limamva movutikira kwambiri, lina lija n'kupitiriza ndi hearing aid. Zipangizo ziwirizi zimathandizana: implant imabweretsa kumveka bwino kwa mawu, pomwe hearing aid imasunga mawu a besi ndi kukoma kwake kwachibadwa.

Opaleshoniyo imatenga maola awiri kapena atatu wodwala atagonekedwa tulo. Zovuta zomwe zingatsatire ndi monga chizungulire, kulira kwa m'khutu, kusintha kwa kakomedwe ka chakudya, ndipo mwa apo ndi apo kufooka kwa mbali imodzi ya nkhope, popeza mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pafupi ndi pomwe dotolo amaboola. Chiopsezo cha matenda oumitsa khosi chimakwerako pang'ono, kotero wodwala amalangizidwa kulandira katemera opaleshoni isanachitike. Kuyambira tsikulo, iye ayenera kumadziwitsa achipatala za maginito a m'mutu mwake asanalowe m'makina ojambulira a MRI.

Za kampani yopanga chipangizo sizifuna kutayirapo nthawi yambiri. Makampani odziwika ndi Cochlear ya ku Australia, MED-EL ya ku Austria ndi Advanced Bionics ya ku United States, ndipo tiwaya tawo timakhala ndi timalo totulutsira magetsi pakati pa 12 ndi 22. Kuchuluka kwa timaloti sikutanthauza kumva bwino koposa. Funso lanzeru ndi lakuti: katswiri yemwe ali pafupi amadziwa kukonza chipangizo cha kampani iti, ndipo zida zosinthira zidzapezeka kuti? Mbali yam'kati ya kampani ina sigwira ntchito ndi yakunja ya kampani ina, choncho chisankhochi n'cha zaka zambirimbiri.

Chipangizo sachiyatsa tsiku la opaleshoni. Kawirikawiri pamadutsa masabata awiri kufikira anayi kuti bala lipole, ndipo m'nthawiyi khutulo limakhala chete. Tsiku loyatsa likafika, katswiri wa za kumva amalumikiza chipangizocho ku kompyuta n'kuyesa kamalo kalikonse pakokha, kufuna kupeza mphamvu yochepetsetsa yomwe munthuyo akuimva komanso yokwera yomwe angaipirire. Achibale amabwera ndi chiyembekezo choti aona zozizwitsa monga zimaonekera pa makanema a pa intaneti, koma zoona zake n'zakuti ambiri amatuluka m'chipindamo ali okhumudwa. Ena amangomva kulira kwa timaluzu kapena timabelu. Ena amamva mawu, koma onse ofanana, aamuna ndi aakazi omwe, opyapyala ngati a zidole za pa kanema.

Pali zifukwa zake. Ntchito yomwe inkagwiridwa ndi timaselo masauzande tsopano ikugwiridwa ndi timalo tosapitirira 22. Komanso cochlea idagawidwa mwachibadwa: polowera pamamveka mawu okwera ngati a mluzu, pomwe kunsonga yam'kati kumamveka mawu a besi. Kawaya kaja nthawi zambiri sikafika kunsonga kwenikweni, motero mawu onse amamveka okwererapo kusiyana ndi momwe ubongo udawazolowera. Kwa munthu yemwe wakhala zaka zambiri pa hearing aid pali chinanso: mawu okwera monga a zilembo s ndi f, kuphwanyika kwa pepala, kulira kwa mbalame kapena kugundana kwa masipuni, adasiya kuwamva kalekale, ndipo akabwerera amamveka ngati phokoso losautsa.

Ubongo umaphunzira, koma umafuna ntchito. Akatswiri amalangiza kuvala chipangizocho nthawi yonse yomwe munthu ali maso, ngakhale masiku omwe chikutopetsa, chifukwa wochivala pa msonkhano pokha amakhala mlendo kwa icho mpaka kalekale. Amalangizanso kupatula nthawi tsiku lililonse yovula hearing aid ya khutu lina lija, kuti ubongo usamangothawira ku zomwe udazolowera. Zophunzitsira zake n'zosavuta kupeza: wachibale aziwerenga nyuzipepala mokweza wophunzirayo akutsatira ndi maso pa pepala, kenako awerengenso ataphimba pakamwa, pambuyo pake kumvera nkhani za pa wailesi, ndipo pomaliza kuyankhula pa lamya ndi munthu wa mawu ozolowereka. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi yoyambirira, ngakhale kuti kumapitirira mpaka chaka kapena kuposerapo. M'nthawi yonseyi munthu amabwerera kuchipatala kangapo kuti akasinthe miyezo ya chipangizo, popeza zomwe zinkamveka zokweza sabata yoyamba zimadzamveka zotsika.

Pali mbali zina zomwe zimakhalabe zovuta. Chipangizochi chimapereka bwino kamenyedwe ka ng'oma koma chimalephera pa kukwera ndi kutsika kwa mawu, kotero nyimbo zimataya kukoma kwake kwa ambiri. Izi zili ndi tanthauzo kwa ife oyankhula Chichewa, chifukwa mawu akuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika amasiyana ndi kamvekedwe kokha. Kafukufuku wa oyankhula chiyankhulo cha Mandarin ku China adaonetsa kuti ovala implant amavutika kusiyanitsa kamvekedwe kotere. Mwamwayi, chiganizo chonse chimaulula mtengo womwe ukunenedwa. Malo aphokoso monga m'minibasi, pamaliro kapena m'holo yomwe mawu amabwerera, nawonso amakhalabe ovuta.

Akuluakulu a m'maofesi ali ndi gawo lawo. Wogwira ntchito yemwe wangoyatsidwa chipangizo amaweruka ali wotopa kwambiri, chifukwa kumvetsera kumakhala ntchito yolemetsa. Kumupatsa chilolezo cha maulendo akuchipatala, kumukhazika pomwe angaone nkhope za oyankhula, kuonetsetsa kuti anthu akuyankhula mmodzimmodzi ndi kumupatsa mfundo za msonkhano zolembedwa, ndi zinthu zosafuna bajeti. Kumukuwira sikuthandiza, kumangosokoneza mawu. Tiyeneranso kukumbukira kuti akavula chipangizocho pogona kapena posamba, munthuyo samva. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu ambiri osamva, kuphatikizapo m'dziko muno momwe bungwe la MANAD limalimbikitsa chiyankhulo cha manja, amanenera kuti chiyankhulocho chisatayidwe kaamba ka makina. Wosankha kukhala ndi chiyankhulo cha manja chokha sadalakwe.

Nkhani ya ndalama ndiyo imaweruza zambiri. M'maiko monga United States, mtengo wa chipangizo, opaleshoni ndi maphunziro pamodzi umapitirira madola 30,000, ndipo opaleshoni zoyambirira za ku Blantyre zija zidatheka ndi zipangizo zomwe kampani ya MED-EL idapereka. Ngakhale chipangizo chibwere chaulere, banja limatsala ndi udindo wa moyo wonse. Mabatire otaya amatha m'masiku awiri kapena atatu, pomwe otchaja amafuna magetsi pafupifupi tsiku lililonse, chinthu chosayenera kuchipeputsa kwa wokhala kumudzi kapena kudera komwe magetsi amazimazima. Timawaya takunja timaduka, thukuta ndi chinyezi cha nyengo ya dzinja zimaononga maikolofoni ngati chipangizo sichigonekedwa m'kabokosi koumitsira, ndipo mbali yakunja yonse imafuna kusinthidwa pakapita zaka zingapo. Yemwe akuona kuti hearing aid yaleka kumuthandiza ayambe wapita kukayezetsanso makutu, monga ku chigawo cha za kumva pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, popeza nthawi zina vuto limakhala phula la m'khutu kapena makina ofunika kungowakonzanso miyezo.